Tinkafunsa Nkhasi Tisanalowe M'madzi

Amwene, takhalani pansi kaye. Amene muli pa kabaza imikani njinga pamthunzi, amene mukukazinga tchipisi uzani kasitomala adikire, chifukwa iyi si nkhani yomvera ndi khutu limodzi. Mwandivutitsa mokwana pa gulu lathu la pafonili, tsiku ndi tsiku funso lomwelomwelo: Lashidi, chala chako cha mkombaphala chinapita kuti, nanga munthu wopanda imvi ndi imodzi yomwe amati bwanji ndinapuma pa ntchito? Lero ndiyankha kamodzi basi. Ndipo wina asunge uthengawu, mwana wanga Shakira akadzakula adzawerenge yekha, asadzamve za m'maluwa zoti bambo ake anadulidwa ndi chigayo. Za ubwana wanga ku Ngokwe sindinena, ena a inu tinkatola thonje limodzi. Ndiyambira pa ntchito.

Chaka choyamba: ku Rivirivi

Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Rivirivi, mbali ya Balaka, pa kasikimu ka alimi a tomato ndi chimanga chachiwisi. Anali ndi kapampu ka petulo kamene tinkakakankha pa wilibala m'mawa, madzulo n'kukabweza. Sukulu ya umakaniki ine sindinapondeko, mukudziwa. Zonse ndinaphunzira pafoni, nditakwera pachulu kusaka netiweki, kuonera mavidiyo a anthu olankhula zilankhulo zimene sindimva, koma manja awo ndinkawamva bwinobwino. Pulagi, kabuleta, lamba, ndinkamasula n'kubwezera. Bwana wanga anali mayi wapampando wa sikimuyo, wolusa ngati mavu koma wachilungamo. Ankakonda kunena kuti, "Iwe Lashidi, pakamwa pakopo pakanakhala pampu, bwenzi Balaka yense ali dambo." Mtsinje wa Rivirivi m'chilimwe umaphwa mpaka tinkachita kukumba mumchenga kuti paipi ipeze madzi. Choopsa chachikulu kumeneko chinali minga ndi ng'ombe za eni ake. Ndinkalowa m'madzi ndikuimba, eti. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti ine sindinabadwe wamantha. Mantha ndinakawaphunzira ku Shire.

Chaka chachitatu: kusamukira ku Shire

Anthu a sikimu ina yaikulu ya m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa Liwonde, atamva kuti kuli mnyamata wodziwa injini, ananditenga. Dzina la sikimuyo sinditchula. Pampu yake inali ya dizilo, yaikulu ngati nkhunzi, yokhala m'kanyumba ka malata pamtunda. Paipi yokoka madzi inkatsika gombe n'kulowa mumtsinje mpaka pamene madzi amafika munthu m'khosi, ndipo kumapeto kwake kunali sefa. Vuto lonse linali pa sefayo. Namasupuni, udzu, majumbo, chilichonse chimene Shire wanyamula chinkakamatirira pamenepo, pampu n'kuyamba kutsokomola. Ikatero, munthu ankayenera kulowa, kumira, n'kuchotsa zinyalalazo ndi manja. Akuti kale panali mpanda wa waya wozungulira malowo, koma madzi osefukira anautenga, ndipo chaka chilichonse komiti inkati tiumanganso tikakolola. Bwato linalipo koma linkadontha ngati lichero. Nsungwi yokokera zinyalala siinkafika pa sefa. Chimene chinalipo ndi chingwe cha m'chiuno basi, ndi anthu atatu osinthana kulowa: ine, Dalitso, ndi Che Amidu.

Dalitso anali msinkhu wanga, Mkatolika wa komweko, wokonda njira zachidule pa chilichonse. Che Amidu anali mkulu wa ku Chikweo, wamfupi, wa ndevu zoyera, amene anakhala pa pampuyo kuyambira tsiku limene inabwera. Pamwamba pathu panali kapitawo, a Makwinja, munthu wabwino ndithu koma woti alimi akamukalipira, naye ankatsikira kwa ife n'kudzatikalipira ndi mawu omwewo.

Tsiku loyamba pampu itangotsokomola, ine malaya vuu, ndikufuna kuonetsa kuti sanalakwitse kunditenga. Che Amidu anandigwira pamkono.

"Ukupita kuti, mwanache?"

"Kukachotsa zinyalala, ambuje. Si ntchito imene mwandiitanira?"

"Wafunsa?"

"Ndifunsenso ndani? A kapitawo anena kale."

"A kapitawo salowa m'madzi. Khala apa, utseke wailesi yakoyo."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pa sikimu ponse linali Wailesi. Mkulu uja anatulutsa chitini chodzadza nkhono zophwanya, zozungulira zija ndi zina za zigoba ziwiri zokhala m'matope, n'kuziwaza m'madzi pafupi ndi paipi. Tinakhala chete. Kwa ine kukhala chete ndi chilango, koma ndinapirira. Patapita nthawi ndinaona kanthu kakutuluka pamwamba pa madzi, kang'onong'ono ngati chubu cha bolopeni. Kenaka kena. Kenaka mutu wathunthu, khosi lalitali, n'kumiranso.

"Nkhasi zimenezo," anatero Che Amidu. "Ng'ona imadya nkhasi, imaiphwanya ngati chigumu. Ndiye nkhasi ikamva kuti mkuluyo ali pafupi, imadzikwirira m'matope, uiponyere chiyani siituluka. Ikatuluka n'kumadya mtima uli m'malo, lowa. Ikapanda kutuluka, a kapitawo alire misozi ya magazi, usalowe. Wamva?"

Ndinamva, koma mawu oti ng'ona anandibaya ngati munga wa mlamba. Ndinamanga chingwe, ndinati Bisimila, ndinalowa. Ndinatuluka wamoyo. Ndipo kuyambira pamenepo moyo wanga ndinaupereka m'manja mwa nkhasi.

Chaka chachinayi: kudya kwa nkhasi

Munthu ukadziwa kuti moyo wako ukudalira njala ya chinthu, umayamba kuchidziwa chinthucho kuposa mkazi wako. Ine nkhasi ndinaziphunzira, amwene. Foni yanga inadzadza nkhasi mpaka mayi ake a Shakira anandifunsa ngati ndakwatira kumtsinje. Kwa amene simunaionepo, musaganize za kamba wa kumtunda uja wa chigoba chouma. Nkhasi ndi yaphwatalala ngati beseni lovundikira, msana wake wofewa m'mbali, woterera ngati chikopa chonyowa, ndipo kumimba ili ndi tizitseko tobisamo miyendo yakumbuyo. Ikafuna kudya siithamanga ayi. Imadzifotsera m'matope kapena mumchenga, kungosiya maso ndi kamphuno kaja. Ukhoza kuima pafupi osaiona. Kansomba kakangodutsa, khosi limatuluka ngati legeni, pyuu, kansomba kapita. Ndinayesa kangapo kujambula, koma pa vidiyo umangoona fumbi la matope basi.

Koma chakudya chake chenicheni ndi nkhono. M'mawa madzi akatsika tinkapeza tizigoba tophwanyika mbwee m'mbali mwa gombe, ndipo Che Amidu ankati, "Alendo athu adya bwino." Za zigoba ziwiri zija imachita kuzifukula ndi miyendo yakutsogolo, n'kuziphwanya ndi nsagwada. Mano ilibe, koma ukamva phokoso lake pamadzi osaya, gwee, gwee, ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, umadziwa kuti m'kamwa mmenemo simoseweretsa. Tsiku lina msodzi wina anakola yaikulu pa mbedza imene anatchera mlamba. Ife Asilamu a kwathu sitidya nkhasi, koma ndinapita kukaonerera akuitumbula. M'mimba munali zigoba zokhazokha zoperapera, ndi kamwendo ka nkhanu, ndi minga ya kansomba. Ndinajambula, Dalitso anati ndine mfiti.

Ndinadziwanso kuti m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye zimadya mwaulesi, ungawaze nkhono n'kudikira mpaka dzuwa litakwera. Kukatentha njala yake imakula. M'dzinja zazikazi zimatuluka kukaikira mazira mumchenga, ndipo ang'azi amabwera kudzafukula. Ndipo panali masiku ena, osati ambiri, oti tawaza nkhono, madzi ali zii. Palibe kamphuno ndi kamodzi komwe. Masiku amenewo tsitsi linkandiimirira. A Makwinja ankatsika akutukutira thukuta.

"Che Amidu, anthu akudikira madzi kumtunda uku! Mukufuna andidye ine?"

"Bola akudyeni anthu, bwana, adzasiyako mafupa tikaike."

"Ndiye tidikire akamba mpaka liti?"

"Mpaka amve njala."

A Makwinja ankabwerera akung'ung'udza, koma sanatikakamizepo. Ndipo kamodzi, tsiku lotero lomwelo, chakumasana, ng'ona tinaiona ndi maso athu ikuwothera dzuwa pa kachilumba ka mchenga tsidya, kukamwa yasaa. Che Amidu anangondiyang'ana. Ine ndinapita kuseri kwa kanyumba kukataya madzi.

Chaka chachisanu: ndowa ya Dalitso

Dzinja la chaka chimenecho mtsinje unasefukira n'kubweretsa mchenga wambiri, unakwirira matope onse amene tinkatolamo nkhono. Kudzadza chitini chimodzi kunayamba kutenga m'mawa wonse, ndipo kutolako kunali kuyenda m'bango, komwe ndi koopsanso. Mawondo a Che Amidu anali atayamba kutupa. Ndiye tsiku lina Dalitso anafika ndi ndowa pa njinga, ntchentche zikumuperekeza. Mlamu wake anali ndi butchala pa msika, ndipo mu ndowamo munali zotaya: magazi oundana, tizidutswa ta matumbo a mbuzi, mafuta a m'mimba.

"Nkhasi si galu, Dalitso," anatero Che Amidu.

"Ambuje, njala ilibe mtundu. Tangoyesani."

Anakhuthula. Amwene, sipanapite nthawi yoti munthu n'kumanga chingwe, madzi anawira. Nkhasi zimene tinkaziona ziwiri kapena zitatu zinabwera mulu, zina zazikulu zoti sitinazionepo, kukoka matumbo uku ndi uku ngati ana akulimbirana nzimbe. Tinaseka tonse. A Makwinja anaomba m'manja, amvekere, "Chitukuko chimenechi!" Che Amidu anapukusa mutu, koma kenaka anati lamulo silinasinthe, zikadya ndiye kuti kuli bwino, kaya zikudya nkhono kaya mbuzi. Ndowa inakhala ndowa. Tsiku lililonse pampu ikatsokomola, magazi m'madzi, nkhasi mulu, munthu n'kulowa pambuyo pake.

Miyezi itapita ndinayamba kuona zinthu zimene zinandichotsa tulo. Nkhasi zinasintha khalidwe. Zinkabwera zikangomva kulira kwa chogwirira cha ndowa, tisanakhuthule n'komwe. Zinkalumana, ina inali ndi bala pakhosi. Tizigoba tophwanyika tija tinasowa pagombe, chifukwa wakhuta nyama angavutikenso n'kufukula? Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi ichi: masiku a zii aja anatha. Juni yense, Julaye yense, kuzizira konse kuja, nkhasi sizinakanepo ndi tsiku limodzi. Ndinadzifunsa, kodi ng'ona zonse za mu Shire zasamuka? Kapena alonda athuwa nyama yawakomera mpaka akutuluka ngakhale mkuluyo ali pakhomo? Mlonda woti tsiku lililonse amangoti kuli bwino, ameneyo akulonda kapena akudya? Nanga magaziwo ankapita kuti? Madzi amayenda, fungo limatsika ndi mtsinje, ndipo si nkhasi zokha zili ndi mphuno.

Ndinawauza anzanga aja. Dalitso anati, "Wailesi yatsegula pulogalamu ya maliro." Kenaka mbuzi ya munthu wina inasowa ikumwa madzi kumtunda kwathu pang'ono. Ena anati yabedwa. M'mawa wina ndinaona mzera pamchenga ngati wina wakoka thumba la chimanga kulowa nalo m'madzi. Dalitso anati ndi bwato la asodzi. Tsiku lina ndikujambula nkhasi zikudya, ndinaona kumbuyo kwake, m'mbali mwa namasupuni, tinthu tiwiri totukuka pamadzi, sitikuyenda pamene china chilichonse chikuyenda ndi mtsinje. Ndinathamangira kwa Che Amidu ndi foni. Koma foni yanga ya nthawi imeneyo galasi linali losweka, ukakulitsa chithunzi chimangosanduka phala.

"Chitsa icho," anatero.

"Ambuje, chitsa chimamira chokha n'kusowa?"

"Mwanache, ine ndalowa m'madzi awa iwe usanabadwe. Nkhasi sizinandinamizepo."

"Zija zinkadya nkhono, ambuje. Izi ndi zina."

Anandibwezera foni. Ndikuganiza kuti mawuwo anawalowa, koma munthu amene wakhulupirira chinthu moyo wake wonse, ndipo chamusunga, sungamulande ndi chithunzi cha phala. Anangoti, "Ukachita mantha uzinena, ndizilowa ine."

Mawu amenewo ndi amene anandimanga. Kuyambira pamenepo, ine kukana kunali kumukankhira mkulu wa mawondo otupa m'madzi.

Okutobala wa chaka chomwecho

Kunatentha koti malata a kanyumba ankalira okha. Dizilo anali atasowa kwa masiku angapo, ndipo chimanga cha alimi chinali chitamasula ngayaye, nthawi imene chikasowa madzi ndiye kuti wagwira ntchito ya mbuzi. Dizilo atafika tinaliza pampu m'mawa, madzi anayamba kukwera mu ngalande, anthu akusangalala. Dzuwa lisanafike pamutu, pampu inatsokomola, n'kutsokomolanso, madzi n'kuduka. Posakhalitsa a Makwinja anatsika, kumbuyo kwawo azimayi ndi azibambo ndi makasu, nkhope zili gwaa. Dalitso anali ndi bala kuphazi, anadzitema ndi chikwanje, ndiye sakanalowa. Inali nthawi yanga.

Anakhuthula ndowa. Nkhasi zinabwera monga mwa masiku onse, kulimbirana, madzi ofiira. Aliyense anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana ku namasupuni kuja. Panalibe kanthu. Ndipo kupanda kanthuko ndi kumene kunandiopsa kwambiri, chifukwa chinthu ukamachiona umadziwa pamene chili.

"Sindilowa," ndinatero. Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Wati chiyani?" anafunsa a Makwinja.

"Muli ng'ona, bwana. Taiitana tokha ndi magaziwa."

Mayi wina kumbuyo anakuwa, "Nanga akambawo akudya bwanji? Ana athu adzadya mantha akowo?" Wina anati, "Mnyamata wa ku Ngokwe, kwawo madzi amawaona mu chigubu." Anthu anaseka, koma kuseka kwa mkwiyo. Ndinangomva kumbuyo kwanga munthu akutsokomola. Kutembenuka, Che Amidu avula kofia, aipinda, aika pamwala. Akumasula mabatani a malaya pang'onopang'ono. Nthiti zonse zikuwerengeka, mawondo ngati mapapaya.

"Ndipatse chingwe, mwanache."

"Iyayi, ambuje. Musalowe, chonde."

"Ndipatse. Ukakana ndilowa chopanda chingwe."

Ndinkawadziwa, sankanena zocheza. Ndinaona m'maganizo mmene akanatsikira gombe lija mokwawa, mmene akanachedwera kutembenuka m'madzi. Ine ndinali ndi miyendo, chinthu chikabwera mwina ndikanalumpha. Iwo ayi. Ndinaganiza za Shakira, nthawi imeneyo akuyamba kukwawa. Ndinaganiza zothawa, kukwera njinga osayang'ana m'mbuyo. Koma manja anga anali atayamba kale kumanga chingwe m'chiuno mwanga. Ndinapatsa Dalitso foni, ndinati, "Chingwe chikangogwedezeka kokani, musadikire kuti ndikuwe." Ndinanena shahada, mawu amene timanena pokonzekera imfa, osati Bisimila chabe. Che Amidu anamva, anayang'ana kumbali.

Madzi anali ofunda pamwamba, ozizira kumapazi, akununkha butchala. M'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Nkhasi zinabalalika pang'ono koma sizinapite kutali, ndinkazimva zikundikhudza m'miyendo. Mu Shire ukamira suona kanthu, ndi khofi yekhayekha, umagwira ntchito ndi zala. Ndinatsatira paipi mpaka pa sefa, ndinazula mizu ya namasupuni, jumbo, chinsanza. Ndinatuluka kukoka mpweya, ndinaona nkhope za anthu pagombe zili kutali ngati za dziko lina. Ndinamiranso. Pofuna kukoka chimtolo chachikulu chimene chinakanirira pansi pa sefa, ndinasuntha phazi lamanzere kuti ndipondetse.

Ndinaponda chinthu cha mabampu. Cholimba, chokhakhala, chotambalala kuposa phazi langa. Ndipo chinayenda. Sichinadzidzimuke ayi, chinangotsetsereka pang'onopang'ono pansi pa phazi langa, bampu, bampu, bampu, ngati munthu akukoka tcheni. Amwene, ndikulemba panopa khungu langa likuyenda. Thupi lonse linafa. Ndipo nthawi yomweyo china chake chinandigwira dzanja lamanja, gwa! Ululu unafika mpaka m'mano. Ndinatulutsa mutu ndikukuwa, "Ng'ona! Ng'ona! Mayo ine!" Anakoka chingwe anthu onse, ndinauluka m'madzi, mimba ikukhula mchenga, azimayi ayamba kale kulira maliro.

Nditafika pamtunda, kudzanja langa kunali kulendewera nkhasi. Yaikulu ngati chivundikiro cha mgolo, maso ake ali phee, chala changa chili m'kamwa mwake. M'madzi akuda aja, zala zoyererako zikugwedezeka pa malo amene imalandirira matumbo, ikanaganiza chiyani? Siinafune kusiya. Che Amidu anachita kuitsegula kukamwa ndi sipanala, akunong'ona mapemphero. Chala chinatuluka chophwanyika ngati nkhono zija.

Maliro anasanduka phwando. "Ng'ona ya Wailesi ndi imeneyi!" Anthu anagwa pansi ndi kuseka, mayi uja ankachita kupukuta misozi ndi chitenje.

"Pansi pali ina!" ndinakuwa. "Ndaiponda! Yeniyeni!"

"Tayala limenelo," anatero Che Amidu akundimanga dzanja ndi malaya awo. "Pali tayala la thirakitala pansi apo, tinamangirira paipi kalekale."

"Tayala lili mbali inayo, ambuje, ndimalidziwa! Tayala limayenda?"

"Munthu wamantha ngakhale mtondo umamuthamangitsa. Khala chete, magazi akutha."

Ndani akanandikhulupirira? Munthu wakuwa ng'ona n'kutuluka ndi kamba. Analiza pampu, zimene ndinachotsa zinakwana, madzi anakwera mu ngalande. A Makwinja ananditengera kuchipatala pa njinga yamoto, ine ndikulankhulabe za mabampu, iwo akungoti eya, eya.

Novembala: foni imene ndinaimba

Chala sichinapulumuke, fupa linali ufa, anachidula. Koma pa bedi paja chimene chinkandisautsa si chala. Ndikangotsinzina, phazi lamanzere linkamva chinthu chija chikutsetsereka. Ndinaimbira Dalitso kufunsa za kuntchito.

"Ndowa mwasiya?"

"Tisiye bwanji, amwene? Nkhono zili kuti?"

"Akulowa ndani?"

Anangoti, "Bala langa silinapole." Bala lake linali litapola kalekale, ndinadziwa. Iye anali atandikhulupirira mumtima, koma pakamwa ayi. Ndiye kuti Che Amidu ankalowa okha, nthawi zina kawiri pa tsiku, m'madzi a magazi.

Ndinawaimbira Che Amidu, ndinawachonderera, anadula foni. Ndinaimbira a Makwinja, anati komiti ikambirana tikakolola. Ndinatsala ndi njira imodzi, ndipo ndinkadziwa mtengo wake. Ndinasaka nambala ya anthu oona za nyama zakuthengo. Ndinaiyang'ana tsiku lonse, kuitsegula, kuitseka. Ndinkadziwa kuti akabwera aletsa kulowa m'madzi, pampu itsamwa, chimanga cha anthu chipsa mvula isanafike. Mbali inayo ndinkaona kofia yopinda ili pamwala, mwini wake osabweranso kudzaitenga. Ndinaimba. Ndinafotokoza zonse, za ndowa, za mbuzi yosowa, za mabampu.

Anabwera. Analetsa ndowa ya magazi ija, analetsa munthu aliyense kulowa mpaka mpanda wa waya utamangidwa. Sabata isanathe pampu inatsamwa, ndipo mvula chaka chimenecho inachedwa. Minda ya kufupi anathirira ndi ndowa za pamutu, koma ya kumapeto kwa ngalande inauma, chimanga chinaima chili mbuu ngati udzu wofolera. Munda wa mayi anandikuwira uja unali komweko. Anthu a zanyama aja anadikirira pagombe masiku angapo, anayenda ndi bwato kumtunda ndi kumunsi. Ng'ona mu Shire zilimo, aliyense akudziwa, koma pa pampu pathu sanaonepo ndi imodzi yomwe. Mpanda unamangidwa chaka chotsatira, ndipo utamangidwa komiti inati pakufunika munthu mmodzi basi. Anasunga Dalitso. Che Amidu anauzidwa kuti akapume kwawo ku Chikweo. Ine sanachite kundichotsa. Dzina langa pa sikimupo linali lonunkha kuposa ndowa ija, komanso mpaka lero madzi akangofika m'mawondo ndimasanza. Ndi mmene ndinapumira pa ntchito ya mapampu, ndi mmene ndinapezekera pakhonde pano pa Balaka ndikukonza mafoni anu ndi zala zotsalazi.

Mwezi wathawu ndinakumana nawo Che Amidu pa msika wa ku Liwonde, akugulitsa chinangwa pa njinga. Aonda kwambiri. Ndinawapatsa salamu, anayankha chifukwa salamu siikanidwa, koma dzanja sanatambasule.

"Wailesi. Ng'ona yako ija inapezeka?"

"Iyayi, ambuje."

"Anthu anagona ndi njala chaka chija. Ine ndikukankha chinangwa ndi mawondo awa. Chifukwa cha tayala."

"Koma muli moyo, ambuje."

"Moyo amasunga ndi Mulungu, osati foni."

Anakoka njinga yawo n'kumapita, akutsimphina, osacheuka. Ndinaima pamenepo ndikuwayang'ana miyendo, yonse iwiri, mpaka anasowa m'gulu la anthu. Sindikudziwa ngati ndinawapulumutsa kapena ndinangowalanda ntchito. Umboni ndilibe, ndili ndi phazi langa lokha, ndipo phazi silingaime pa bwalo. Ndiye ndikufunseni, amwene, ndipo musandiyankhe ndi tizithunzi toseka tija. Muli pa bedi paja, nambala ili m'manja, mbali iyi chimanga cha mudzi wonse, mbali iyo nkhalamba imodzi ndi chinthu chimene munachimva inu nokha m'madzi akuda, inu mukanatani?